Sizwe Banzi anafa kuti ana ake adye: zisudzo za anthu awiri zomwe zinasowetsa tulo boma la tsankho

Ngati munaonerapo filimu ya Black Panther, kaya pa foni kaya m'kanyumba ka vidiyo ka kumsika, nkhope ya John Kani mukuidziwa. Ndi mkulu uja anasewera ngati T'Chaka, bambo wake wa mfumu ya ku Wakanda. Omwe anaonera The Lion King ya 2019 anamva mawu ake pakamwa pa Rafiki. Koma mukadzamuonanso mudzayang'anitsitse diso lake lakumanzere. Ndi loikirira. Lenilenilo linawonongeka apolisi a boma la tsankho ku South Africa atamumenya, ndipo mlandu wake unali sewero: anthu awiri, tebulo, mpando, kamera yakale ndi kabuku kokwana m'thumba la jekete.

Ambirife tikamva za zisudzo timaganiza za nthabwala za mphindi imodzi za pa TikTok, kapena sewero la bungwe lotiuza kuti tizisamba m'manja. Zonsezo zili ndi malo ake. Koma pali mtundu wina wa zisudzo, wa timagulu toima patokha, topanda ndalama za boma, tomwe timabwereka chipinda n'kuika mipando, kenako n'kufunsa mafunso omwe anthu amaopa kufunsa mokweza. Ine ndine ndani? Khungu langali landigulira chiyani, landilanda chiyani? Munthu wochokera ku nkhondo amagona bwanji? Ku South Africa, m'zaka za apartheid, timagulu totere tinafika poti boma lokhala ndi asilikali ndi ndege za nkhondo linkatumiza apolisi kukakhala kumbuyo kwa holo ndi kope m'manja.

Dzenje la njoka

Nkhaniyi imayambira ku New Brighton, komboni ya anthu akuda mumzinda wa Port Elizabeth, womwe kuyambira 2021 ukutchedwa Gqeberha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anthu angapo a kumeneko, ena aphunzitsi, ena makalaliki, ena ogwira ntchito m'mafakitale, anapita kwa mzungu wina wolemba masewero, Athol Fugard, kukamupempha kuti aziwathandiza. Malo omwe anapatsidwa kuti achitirepo sewero linali dzenje lakale losungiramo njoka, n'chifukwa chake anadzitcha Serpent Players. Ankayeserera madzulo akaweruka ku ntchito, nthawi zina m'kalasi, nthawi zina m'galaja.

Fugard sanali mlendo pa nkhani za tsankho. Mu 1958 anagwirapo ntchito ya ukalaliki m'khoti lina ku Johannesburg komwe ankazengera anthu akuda milandu ya ziphaso, ndipo anaona ndi maso ake anthu akuweruzidwa motsatizana, aliyense mphindi zochepa chabe, ngati matumba pa sikelo. Mu 1961 iye ndi Zakes Mokae anasewera The Blood Knot, nkhani ya abale awiri a mimba imodzi, wina woyera khungu moti atha kudutsa ngati mzungu, wina wakuda. Seweroli litaonetsedwa pa wailesi ya kanema ku Britain mu 1967, boma linamulanda pasipoti. Anaibwezeredwa mu 1971.

John Kani analowa m'gululi mu 1965, akugwira ntchito pa fakitale ya magalimoto ya Ford. Mnzake wa kusukulu, Winston Ntshona, anabwera pambuyo. Awiriwa atasankha kusiya ntchito kuti zisudzo zikhale ntchito yawo, panabuka vuto loseketsa koma lomvetsa chisoni. M'mabuku a boma munalibe malo a munthu wakuda yemwe ntchito yake ndi zisudzo. Kuti asamangidwe ngati malova, analembetsedwa ngati antchito a pakhomo pa Fugard. Amuna omwe patapita zaka zitatu anadzalandira mphoto yapamwamba kwambiri ya zisudzo ku America, pa pepala anali antchito a m'nyumba ya mnzawo.

Kabuku komwe kanali munthu

Kuti mumvetse sewero lawo lotchuka, muyenera kukadziwa kabukuko. Lamulo la 1952 linkati munthu wakuda aliyense wamwamuna wa zaka zoposa 16 aziyenda ndi chitupa, chomwe eni ake ankachitcha dompas. Pambuyo pake lamuloli linafikanso kwa amayi. M'kabukumo munali chithunzi, nambala, msonkho, siginecha ya bwana wa ku ntchito, ndi zidindo zonena dera lomwe ukuloledwa kukhala. Wapolisi aliyense ankatha kukuimitsa paliponse. Ukakaiwala pa windo kunyumba, umagona m'chitokosi. Amayi pafupifupi 20,000 anaguba kupita ku Union Buildings ku Pretoria pa 9 Ogasiti 1956 kukana ziphasozi, ndipo anthu 69 omwe apolisi anawombera ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960 anali pa zionetsero za nkhani yomweyi. Malamulowa anadzathetsedwa mu 1986.

Sizwe Banzi Is Dead linaonetsedwa koyamba pa 8 Okutobala 1972 ku The Space, kanyumba ka zisudzo koima pakokha komwe kanali katangotsegulidwa kumene ku Cape Town. Silinalembedwe ndi munthu mmodzi atakhala pa desiki. Atatuwa, Fugard, Kani ndi Ntshona, analipanga limodzi m'chipinda choyeserera, aliyense akuponyamo zomwe anakumana nazo.

Limayamba mosekesa. Styles, wojambula zithunzi wa ku New Brighton, wakhala mu situdiyo yake akuwerenga nyuzipepala, n'kumathirirapo ndemanga. Kani ankagwiritsa ntchito nyuzipepala yeniyeni ya tsikulo, choncho chiyambi cha seweroli sichinkafanana masiku awiri. Kenako Styles amasimba za nthawi yomwe ankagwira ku Ford, tsiku lomwe bwana wamkulu wa kampaniyo, Henry Ford II, anabwera kuchokera ku America. Fakitale inakolopedwa, zikwangwani za chitetezo zinapentedwa, anyamata anapatsidwa maovololo atsopano n'kuuzidwa kuti azimwetulira. Kapitawo wachizungu anauza Styles kuti azitanthauzira mawu ake m'Chixhosa, ndipo Styles ankatembenuza mawuwo n'kumamunyogodola bwanayo ali pomwepo, anzake akudziletsa kuseka. Mlendo uja analowa, n'kuponda mapazi angapo, n'kutuluka. Basi. Makina anathamangitsidwa kuti abweze nthawi yomwe inatayika. Aliyense amene anaonapo msewu ukukwiriridwa maenje usiku chifukwa mawa kukudutsa akuluakulu, nkhaniyi saifunira womasulira.

Anthu ali mkati moseka, pakhomo pamagogoda munthu wovala suti yatsopano yosamukhala bwino. Akufuna chithunzi choti atumizire mkazi wake Nowetu kumudzi ku King William's Town. Akafunsidwa dzina amadodoma kaye, kenako amati ndi Robert Zwelinzima. Kamera ikangoti thwa, chithunzicho chimasanduka kalata, ndipo timabwerera m'mbuyo kukaona chomwe chamudodometsa.

Dzina lake lenileni ndi Sizwe Banzi. Anabwera m'tauni kudzafuna ntchito, atasiya mkazi ndi ana anayi kumudzi kouma. Apolisi anamugwira, n'kumudindira m'chitupa kuti abwerere kwawo pasanathe masiku atatu. Iye sadziwa kuwerenga, ndiye chidindocho anachita kumuwerengera mnzake Buntu, yemwe akumusunga, masikuwo atadutsa kale. Buntu amamuyalira njira zonse imodzi imodzi, ndipo iliyonse imakathera pa khoma: ntchito ya m'dimba imafuna chilolezo, kugulitsa mbatata kumafuna chilolezo, kalata ya mzungu imafuna maofesi angapo omwe adzakubwezenso komwe unayambira. Yotsala ndi ya ku migodi, ndipo Sizwe akuopa kukafera pansi.

Usiku wina akuchokera ku shabini, Buntu amapatuka m'kanjira kukataya madzi, n'kupeza kuti zomwe amaziyesa zinyalala ndi mtembo wa munthu wobayidwa. M'thumba mwa malemuyo muli chitupa, ndipo m'chitupamo muli chidindo chololeza kufuna ntchito m'tauni. Dzina lake Robert Zwelinzima. Atafika kunyumba, Buntu amatenga guluu, n'kumatula zithunzi ziwirizo, n'kuzisinthanitsa.

Apa ndi pamene seweroli limakhala pansi, ndipo kwa ine ndi mphindi zolemera kuposa zonse m'zisudzo za ku Africa kuno. Sizwe amakana. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake. Mkazi wake anakwatiwa ndi Banzi, ana ake kusukulu analembedwa kuti a Banzi. Iye akakhala Zwelinzima, anawo ndi a yani? Chapatsogolo pang'ono, ali chiledzerere mumsewu, anali atang'amba zovala zake pamaso pa oonerera n'kuwafunsa ngati zomwe akuonazo si munthu. Buntu samunyengerera. Amamukumbutsa kuti dzina lomwe akulilirilo palibe wa boma amene analilemekezapo, kuti ngakhale kamwana ka mzungu kakamuitana ngati mnyamata amavula chipewa n'kuthamanga, ndipo kuti kunyada ndi katundu wa munthu wopanda ana oti awadyetse. Kenako amayamba kumuphunzitsa nambala ya m'chitupa cha malemuyo. Buntu amasanduka kalaliki wolipira malipiro, wogulitsa suti, m'busa, wapolisi, ndipo aliyense akufunsa chinthu chimodzi: dzina ndi nambala. Sizwe amayankha mpaka pakamwa kuzolowera.

Mayina enieniwo ali ndi nkhani yawo kwa womva Chixhosa. Sizwe Banzi ndi mtundu waukulu wa anthu, Zwelinzima ndi dziko lolemetsa, ndipo Buntu ndi liwu lomwe ife timati umunthu. Ndiye kuti amene akulangiza munthu kuba dzina la maliro ndi Umunthu weniweniwo. Seweroli silikuuzani ngati analakwa kapena ayi. Limangokubwezerani ku situdiyo kuja, komwe bamboyo, atapeza ntchito, akumwetulira kamera.

Nkhaniyi si ya kutali ndi ife. Agogo athu ambiri anapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi ku Theba, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, nthawi yomwe seweroli linkabadwa, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, aliyense ndi nambala yake. Kamuzu anaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi. Ena mwa omwe anatsalira kumeneko, matchona aja, anatenga mayina a komweko kuti asathamangitsidwe. Lero dompas kulibe, koma funsani m'bale wanu amene masiku a m'pasipoti anamuthera ali ku Johannesburg kuti mtima umagunda bwanji galimoto ya apolisi ikaima pafupi, kapena kuti ku ntchito amamuitana dzina lanji.

Mchenga wa pa chilumba

Chaka chotsatira, 1973, atatu omwewa anatulutsa The Island. Kutchula za ndende ya Robben Island poyera kunali kuputa mlandu, choncho poyamba analipatsa dzina lina, Die Hodoshe Span. Hodoshe ndi ntchentche yobiriwira ija imatera pa zowola, ndipo linali dzina lomwe akaidi anapatsa woyang'anira ndende wina wankhanza. Panalinso nzeru ina: mawu a masewero awiriwa sanalembedwe pa pepala mpaka atatuluka kunja kwa dziko. Wofuna kuletsa sewero amafuna chikalata choti awerenge ndi kudinda. Apa chikalatacho chinali m'mitu ya anthu awiri.

Seweroli limayamba popanda liwu ndi limodzi lomwe. Kwa mphindi zambiri, akaidi awiri, John ndi Winston, akukumba mchenga, kudzaza wilibala, kukankha, n'kukakhuthula pomwe mnzake akukumba. Fosholo palibe, wilibala palibe, mchenga palibe. Pali matupi awiri okha ndi thukuta lenileni. Oonerera ena ankatopa, n'kuyamba kusuntha pa mipando. Cholinga chinali chomwecho. Ntchito yopanda mutu inali chilango chenicheni pa chilumbapo, yopangidwa kuti munthu ayambe kudana ndi mnzake amene akumuwonjezera mulu.

Usiku m'chipinda chawo amatsukana mabala ndi kansanza. John amatola kapu n'kuisandutsa foni, n'kumayerekeza kuti akucheza ndi anzawo a ku New Brighton, mpaka nthabwalayo imafika pa uthenga wopita kwa akazi awo n'kuleka kukoma. Akukonzekera sewero loti akaonetse akaidi anzawo ndi oyang'anira ndende: Antigone, nkhani yomwe Mgiriki Sophocles analemba zaka zoposa 2,400 zapitazo, ya mtsikana amene anaika m'manda mlongo wake mfumu Creon italetsa. Winston ndiye Antigone, ndipo akavala tsitsi la zingwe ndi mabere oikirira, John amagwa nacho chikhakhali. Winston amavula n'kutaya. Iye ndi mwamuna, anatentha chitupa chake pamaso pa apolisi, sangasanduke choseketsa ndende yonse.

Kenako John amaitanidwa ku ofesi. Apilo yake yatheka: zaka 10 zatsitsidwa kufika pa zitatu, kwatsala miyezi itatu. Winston ndi wa moyo wonse. Amayamba wasangalala naye, kenako nsanje imamukwera, n'kuyamba kumuwerengera mnzakeyo zonse zomwe akakadye ndi kumwa kunjako, mwankhanza, mpaka kuulula chomwe akuopa: kudzafanana ndi mkaidi wina wokalamba wa ku miyala amene amasema mwala mwaluso koma anaiwala kale chomwe anamangidwira. Masewero ambiri olimbikitsa anthu amathawa malo amenewa. Amakonda ngwazi yosatopa. Ili limakuonetsani kuti womenyera ufulu amathanso kuchitira kaduka ufulu wa mnzake, kenako m'mawa n'kuvalabe tsitsi la zingwe lija.

Sizinali zopeka zokhazokha. Mu 1965 Serpent Players akukonzekera Antigone yemweyu, mmodzi wa iwo anamangidwa n'kutumizidwa ku Robben Island, ndipo anakachita seweroli ali m'ndendemo. Nelson Mandela nayenso anasewerapo ngati Creon pa chilumba chomwecho. Kuno kwathu nkhani ya ndende inafikanso pa siteji: zomwe Jack Mapanje analemba za zaka zake ku Mikuyu, komwe anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, zinasandutsidwa sewero lomwe a Nanzikambe anatenga nawo mbali mu 2012.

Masewero awiri aja anapita ku Royal Court ku London, kenako ku Broadway ku New York, ndipo mu 1975 Kani ndi Ntshona analandira limodzi mphoto ya Tony ya katswiri wamwamuna. Kwawo mphotoyo sinawateteze. Mu 1976 atachita Sizwe Banzi ku Transkei, dera lomwe boma la tsankho linkalikonzera ufulu wachiphamaso, anamangidwa, ndipo anatulutsidwa anzawo a zisudzo a ku London ndi New York atachita phokoso.

Msika wa zipatso ndi mphuno zapinki

M'chaka chomwecho cha 1976, patangopita masiku ochepa ana asukulu a ku Soweto atawomberedwa pa 16 Juni, Barney Simon ndi Mannie Manim anatsegula Market Theatre mu msika wakale wa zipatso wa amwenye ku Newtown, Johannesburg. Kuyambira 1965 lamulo linkaletsa akuda ndi azungu kusewera kapena kuonera limodzi popanda chilolezo. A Market anatsegulira aliyense, ndipo anakana thandizo la boma kuti asamangidwe pakamwa.

Mwa zonse zomwe zinabadwira mu msikawu, yosekesa kwambiri ndi Woza Albert! ya 1981. Percy Mtwa ndi Mbongeni Ngema ankayenda ndi gulu la Gibson Kente, tate wa zisudzo za m'makomboni, pomwe anayamba kutsutsana kuti Yesu atabweranso n'kutsikira ku South Africa zingathe bwanji. Yankho lawo ndi sewero la amuna awiri osavala malaya, mabokosi awiri a tiyi ndi kamtengo kopachikapo zovala. Akafuna kukhala mzungu amangovala kamphuno kapinki kozungulira. Pakamwa pawo ndi pomwe pamatuluka sitima, helikopita ndi gulu lonse la oimba. Morena, kutanthauza Ambuye, amafika pa ndege, boma limayamba lamulandira, kenako limamutcha chigawenga n'kumutsekera ku Robben Island. Kumapeto ali kumanda, akudzutsa Albert Luthuli, Robert Sobukwe, Lilian Ngoyi, Steve Biko ndi ena. Kamphuno kaja musakapeputse. Pa nthawi yonse ya seweroli, khungu lomwe kunja kwa holoyo linkalamula komwe ugone ndi yemwe ukwatire linali kanthu kovala ndi kuvula ndi dzanja limodzi. Ngema anadzalembanso Sarafina!, yomwe ambiri tinaidziwira pa filimu, ndipo anamwalira pa ngozi ya galimoto mu Disembala 2023.

Obwera ku malire

Pali nkhondo ina yomwe kawirikawiri sitiimva tikamakamba za apartheid. Kuyambira 1966 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, South Africa inkamenyana ndi SWAPO kumpoto kwa Namibia ndi mkati mwa Angola. Anyamata achizungu ankatengedwa mokakamiza akangomaliza sukulu, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ankatumikira zaka ziwiri. Nyuzipepala sizinkaloledwa kunena zambiri. Anthony Akerman, amene anachoka m'dzikolo n'kukakhala ku Netherlands, analemba Somewhere on the Border, yoonetsa mmene usilikali unkaswera anyamatawa n'kuwaumbanso kukhala anthu otha kupha, ndipo buku la seweroli linaletsedwa ku South Africa.

Fugard anaigwira nkhaniyi mu 1992 ndi Playland. Ndi usiku wolowera chaka cha 1990, pa malo a zisangalalo oyendayenda omwe aima m'katauni ka ku Karoo. Gideon le Roux, mzungu wobwera ku nkhondo, akuyesa kusangalala mokakamiza, koma amangobwererabwerera kwa mlonda wachikuda, Martinus Zoeloe, n'kumamuputa. Pang'onopang'ono zimadziwika kuti onse awiri anaphapo. Gideon anapha omenyera ufulu a SWAPO n'kuponya nawo mitembo m'dzenje, ndipo chimamudya. Martinus anapha mzungu amene anagwirira chibwenzi chake, anakhala ku ndende, ndipo sakumva chisoni. Gideon akufuna munthu wakuda woti amukhululukire. Martinus akuona kuti akakhululukira uyu ndiye kuti wakhululukiranso uja. Ena amati mathero ake ndi ofewa mopitirira, ndipo ine ndimagwirizana nawo pang'ono. Komabe funsoli analifunsa zaka zinayi bungwe la Truth and Reconciliation Commission la Desmond Tutu lisanayambe kumva maumboni mu 1996.

Bungwelo litayamba, anthu a zisudzo anakumana ndi vuto lina. Mayi amene akufotokoza mmene anatolera ziwalo za mwana wake, ungamuyerekeze bwanji pa siteji osaoneka ngati ukuba misozi yake? Mu Ubu and the Truth Commission ya 1997, Jane Taylor, William Kentridge ndi a Handspring Puppet Company anapereka maumboni enieniwo kwa zidole zosema, chilichonse chogwiridwa ndi anthu awiri ooneka poyera. Anthu enieni ankasewera wakupha, Pa Ubu, ndi mkazi wake, amene akumva fungo lachilendo pa mwamuna wake usiku uliwonse n'kumaganiza kuti ndi la akazi, chonsecho ndi la magazi ndi mabomba. M'nyumbamo muli ng'ona yomwe mimba yake ndi chikwama, ntchito yake kumeza mapepala a umboni. Zimamveka ngati zachibwana mpaka chidole chija chitayamba kuyankhula, mutu wamtengo ukutembenuka pang'onopang'ono.

Kani nayenso anali ndi ngongole yake ndi nkhani ya kukhululuka. Mng'ono wake anawomberedwa ndi apolisi mu 1985 akulakatula ndakatulo pa maliro. Mu 2002 analemba Nothing but the Truth, ya Sipho, wogwira ntchito m'laibulale amene anatsala kwawo n'kumasunga banja pomwe m'bale wake wotchuka anali kunja, ndipo tsopano m'baleyo wabwera ali phulusa m'kabotolo. Dziko likuimbira othawa ndi omangidwa. Nanga amene anangopirira, ndani amuthokoze?

Ana obadwa ufulu utabwera anapeza zawo zokamba. Chiboliboli cha Cecil John Rhodes chitachotsedwa pa University of Cape Town pa 9 Epulo 2015, ophunzira zisudzo asanu ndi awiri omwe anali nawo m'zionetserozo anapanga The Fall, yomwe inayambira ku Baxter Theatre mu 2016 n'kukapata mphoto ku Edinburgh Fringe mu 2017. Chokoma chake n'chakuti sadzipaka mafuta. Amaonetsa mikangano ya mkati mwawo momwe: anyamata olankhula za ufulu koma osafuna kumva atsikana, ochokera m'mabanja opeza bwino ndi omwe akugona ndi njala ku hositelo, ndi funso la yemwe ali wakuda mokwanira kuti ayankhule. Njira yake ndi ija ya ku New Brighton: palibe mlembi mmodzi, katundu wa pa siteji ndi matebulo ochepa, nyimbo zikuchokera pakamwa.

Chomwe chavuta tsopano si wapolisi wa kope uja koma lendi. Fugard Theatre, yomwe inatsegulidwa mu 2010 ku District Six ku Cape Town, dera lomwe anthu ake anasamutsidwa mokakamiza nthawi ya tsankho, inatsekedwa mu 2021 mliri wa Covid-19 utaimitsa zisudzo kwa chaka chathunthu. Ntshona anamwalira mu 2018, Fugard mu Malichi 2025 ali ndi zaka 92. Market Theatre ikadalipo, koma lero imalandira ndalama za boma, ndipo holo yake yaikulu imatchedwa John Kani. Sizwe Banzi anabwereranso pa siteji zaka zingapo zapitazo, Kani akuwongolera, ndipo pa mpando wa Styles, ndi nyuzipepala m'manja, panakhala mwana wake Atandwa.